Zitseko Ziwiri, Nkhope Imodzi

Basi inamutsitsa mdima utangogwa. Tawuni yachilendo. Fumbi, mahutala, magetsi a mumsewu ena oyaka ena akufa. Ndevu anakoleka chikwama cha laputopu paphewa n'kutsata zimene mkulu wake anamulembera pa foni: ukadutsa pothira mafuta, msewu wachiwiri kumanzere, geti lobiriwira.

Dzina loti Ndevu analitola akadali kusukulu, ndipo ndevuzo anazisunga zaka khumi ndi ziwiri. Koma m'mawa wa tsikulo mkazi wake anamukhazika pampando, lezala lili m'manja. "Kofunsira ntchito sapitako ngati tonde," anatero. Mawa lake eyiti koloko, kampani ina yomanga nyumba inkafuna wojambula mapulani. Anamuuza kuti abwere ndi pulani imodzi, ya mutu wake ndi manja ake. Pulaniyo inali mu laputopu.

Geti anatsegula ndi mlamu wake, mkazi wa mkulu wakeyo. Anamuwunika kumaso ndi foni. Phwete linamuphulika.

"Alamu! Kodi munali ndi chibwano?"

"Ndachibwereka," anayankha Ndevu. "Achimwene alipo?"

Analipo, pakhonde, mimba patsogolo. Ntchito yawo inali yogulitsa zitsulo za magalimoto. Abale awiriwa anasiyana zaka ziwiri zokha, koma ankafanana ngati makutu a munthu mmodzi: mphuno yomweyo, mphumi chomwecho, ndevu zomwezo. Mpaka lero m'mawa.

"Mphwanga, wasanduka mwana wa kwaya," anatero mkuluyo. "Lowa uone nyumba. Yatsopano iyi, penti sanaume."

Ndevu anali asanapondemo. M'kanjira kolowera munali mdima. Dzanja lake linangopita lokha pakhoma, m'munsi, cha m'chiuno. Getsi linayaka.

"Iii, mwadziwa bwanji?" mlamu anadabwa. "Alendo onse amapapasa m'mwamba mpaka kutopa."

Ndevu anayang'ana dzanja lakelo. Mutu unali pa za mawa.

Pabalaza anatsegula laputopu kuti aone pulani komaliza. Kadiso ka kamera kanayaka, kanamuyang'ana. Zaka ziwiri kadisoka kankamutsegulira asanakhale n'komwe pansi. Lero kanaphethira, kanaphethiranso. Sikirini inalemba kuti sikumudziwa.

Anasendera pansi pa getsi. Yakana. Anavula magalasi. Yakana. Anamwetulira, anakwinya nkhope, anaphimba chibwano ndi chikhatho. Yakana.

"Ine? Sukundidziwa ine? Ndani amakupukuta fumbi? Ndani amakufunditsa pulasitiki mvula ikamagwa?"

"Ndibweretse khala tikujambuleni ndevu, alamu?"

"Musaseke. Ntchito yanga ili m'menemu."

Laputopu inapempha mawu achinsinsi. Apa ndiye panagona nkhani. Ndevu anawalemba kamodzi kokha, tsiku logula. Kuyambira pamenepo nkhope ndiyo inali kiyi. Pansi pa kabokosi panali kafunso komukumbutsa, kamene anadzilembera yekha: Ya ndani?

Analemba dzina la mkazi wake. Ayi. La mwana wawo wamkazi. Ayi. La malemu mayi awo. Ayi. Sikirini inachenjeza kuti akalakwitsanso kawiri, idzitsekeratu. Thukuta linatsika pa chibwano chopanda chotchinga.

Mkulu wake anabwera ndi kapu ya tiyi. Anawerama, n'kusuzumira pamwamba pa phewa la Ndevu.

"Chavuta n'chiyani kodi?"

Kadiso kanayaka. Laputopu inatseguka, mwaulemu wake wonse, ngati geti la bwana.

Onse atatu anayang'anizana.

"Taona," anatero Ndevu pang'onopang'ono. "Mwini wake yamukana. Wodutsa yamulandira."

"Aa, iwowa imawadziwa kalekale," mlamu anatero akuthira shuga. "Si momwemonso inachitira muja munagona kwathu kunyumba yakale ija? Inu muli kubafa, iwo angokhala pampando, iyo ng'aa!"

Mwamuna wake anamuponyera diso. Koma mawu anali atatuluka. Khoswe wa padenga anali ataulula wa padzala.

Nthawi yomweyo m'kanjira munamveka phokoso. Gwa! Mphepo inali itakankha chitseko cha khitchini, n'kukamenya cha bafa.

"Zitseko zimenezi!" mlamu anadandaula. "Ukatsegula ichi, chimamenya icho. Dzulo ndinaswa mbale zitatu."

Ndevu anaimirira. Anayenda m'kanjiramo osafunsa njira. Masitepe asanu, khitchini kumanja. Zenera la pasinki lotsika. Swichi iliyonse yotsika. Mkazi wa Ndevu ndi wamfupi, ndipo m'nyumba zonse za lendi zimene anakhalamo ankayatsa magetsi atanyanyamphira. Ndevu anamulonjeza nyumba yomuyeza msinkhu. Anaijambula miyezi isanu ndi itatu. Malo awo omangapo anali akadali udzu. Koma nyumbayo inali pano, yopakidwa penti, munthu wina akumweramo tiyi.

Anatsegula chitseko cha khitchini. Anatsegula cha bafa. Gwa! Cholakwa chake chomwe. Anachikonza mu pulani yomaliza, koma pa nthawi imene anagona kwa mkulu wakeyo anali asanachione.

Anabwerera pabalaza.

"Achimwene, nyumba ino anajambula ndani?"

"Mmisiri."

"Mmisiri wake ali ndi mkazi wamfupi?"

"Usandifunse ngati wapolisi m'nyumba mwanga."

"Mwanu? Munaba ndi chilema chomwe! Bwenzi mutadikira ndikonze zitseko."

Mkuluyo anaika kapu pansi. "Kuba? Ndinathyola chiyani ine? Ndinakhala pampando, chinthu chinatseguka chokha. Chinandipatsa moni. Ndinaona chithunzi chokongola, ndinachiika pa fulashi. Kapena ukufuna ndipepese chifukwa cha nkhope imene anandipatsa mayi?"

"Mukapeza chitseko cha mnzanu chili pululu, mumanyamula mipando?"

"Mnzanga ndani? Ndiwe mphwanga. Chibale ndi fupa, sichiola. Chako ndi changa."

"Nanga chanu? Galimoto yanu ija munandibwerekapo liti?"

"Galimoto ndi galimoto. Izi ndi mizere chabe."

Mizere chabe. Ndevu anamva makutu akutentha.

Mlamu anayesa kuthira madzi pamoto, koma anathira palafini. "Musakwiye, alamu, anthu akuikonda zedi. Mmisiri uja wamanganso ziwiri zotere kumapeto kwa msewu uno. Akuti ndi pulani yake yotchuka."

Ndevu anakhala pansi. Kampani ya mawa inali ya m'tawuni yomweyi. Anthu ake ankadutsa misewu yomweyi. Akaonetsa pulani yake, wina adzati: iyi si ija ya mmisiri wa kumtunda uja? Ndipo wakuba adzakhala iye.

Ali m'maganizo choncho, sikirini inazima. Laputopu inadzitsekanso.

Mkulu wake anasisita ndevu, akumwetulira. "Waona? Usatukwane mlatho usanawoloke. Mawa ndikuperekeza. Ndikakhala pakhomo, ikatseka undiitane ndidzaiyang'ane. Nkhope ndikubwereka ulere."

"Ndilowe m'mayeso nditakoka mkulu wanga ngati kiyi wa pachingwe?"

"Nanga utani? Mawu ako waiwala. Panopa laputopuyi ikudziwa ine. Tinene kuti ndi ya ndani?"

"Ndi yanga!" Ndevu anamenya tebulo, masupuni n'kudumpha. "Laputopu ndi yanga, pulani ndi yanga, zitseko zopusazo ndi zanga! Ndi yanga!"

Anaima. Pakamwa panatsala pali yasa. Anayang'ana kafunso kaja pa sikirini. Ya ndani?

Anakumbuka tsiku logula. Anali atatopa ndi kubwereka makompyuta a anthu, kupempha ngati mwana wamasiye. Wogulitsa atamuuza kuti asankhe mawu, iye anaseka n'kulemba zimene mtima unkaimba.

Anakokera laputopu pafupi. Anatembenuzira kadiso kukhoma kuti kasaone munthu. Ndi chala chimodzi analemba: ndiyanga.

Inatseguka.

Choyamba anafufuta nkhope imene laputopu inasunga ngati kiyi. Laputopu inamufunsa ngati watsimikiza. "Ndatsimikiza, kapolo wopanda maso iwe," anatero. Kenako anasintha mawu achinsinsi, chikhatho china chitaphimba zala. Anapempha pulasitala kwa mlamu, n'kumata pa kadiso.

"Ukuchita ngati muno muli mbava," mkulu wake anang'ung'udza.

"Ine sindinatchule munthu."

Anatsegula mafayilo. Zonse zinalipo. Pulani yoyamba, ya zitseko zomenyana, ndi deti lake la zaka ziwiri zapitazo, maziko a nyumba ino asanakumbidwe. Yachiwiri. Yachisanu ndi chiwiri, yokonzedwa, chitseko cha bafa chikutsegukira mkati. Ndevu anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka, n'kupita kukagona m'chipinda cha alendo. Sanafunse kuti chili kuti. Chinali chipinda chimene anajambulira mwana wake.

Kunja kutangoyera anali atavala kale. Anazungulira nyumba ndi foni. Anajambula khonde, zenera la pasinki, swichi yotsika. Anatsegula zitseko ziwiri zija mpaka zinakumana, n'kujambula pamene penti anasupuka. A kampani akamufunsa za nyumba zitatu za mumsewu uno, adzawaonetsa chilemacho, deti lake, ndi mankhwala ake. Mmisiri wotchukayo akafotokoze yekha chifukwa chimene anamangira cholakwa chimodzi katatu.

Mlamu anamupeza pakhonde, kapu ili m'manja. "Imwani kaye, alamu. Ndiye zitsekozi tingazitani?"

Ndevu anamwa kawiri. Mayiyu analibe mlandu, ndipo mbale zosweka zinali zake.

"Njira ilipo. Ya mphindi makumi awiri, ndi sikuludiraiva basi."

Mkulu wake anatulukira ali ndi thaulo m'khosi. "Ndiye tiuze, mphwanga."

"Mukafunse wojambula mapulani, achimwene. Mugogode kaye. Akakutsegulirani, mupemphe."

Anabweza kapu, anakoleka chikwama paphewa. Mphepo ya m'mawa inamuluma pachibwano. Ali pageti, kumbuyo kwake m'nyumba munamveka phokoso.

Gwa!

Sanacheuke.