Nsapato Zofiira Pansi pa Bedi

"Nsapato izi ndi za ndani?"

A Kalipentala anaika randa yopalira matabwa pansi n'kucheuka. Akazi awo anali ataima pakhomo la shedi, foni ya bambowo ili m'manja, nkhope ili gwaa. Pafonipo panali chithunzi cha chipinda chogona: bedi lalikulu lonyezimira, dzuwa likulowa pawindo, ndipo pansi pa bedilo panali nsapato zofiira zagogoda.

"Mayi a ana, chipinda chimenecho kulibe."

"Kulibe? Ndiye dzuwali mwalisema ndi tchizulo? Zaka makumi awiri pabanja, lero mwandipezera mnzanga wovala gogoda!"

Mayiwa sankaopseza pachabe. Akati ndikulongedza, ankalongedzadi.

Chinawapalamulitsa mlandu chinali pulogalamu yaulere ya pakompyuta imene anaiphunzira imvi zitayamba kale. Munthu umajambula bedi, kusankha mtundu wa thabwa ndi kumene kuwala kuchokere, kompyuta n'kutulutsa chithunzi ngati cha kamera. Makasitomala ankaona katundu wawo thabwa lisanadulidwe n'komwe. Pofuna kuti chipinda chioneke chokhalamo anthu, bambowa ankaponyamo tizinthu, kaya kapu, kaya buku. Ulendo uno dzanja linagwera pa nsapato.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero bambowo akupukuta utuchi pampando. "Takhalani apa."

Anayatsa kompyuta yawo yokalamba, yomwe inkalira ngati chigayo. Anadina nsapato zija, n'kuzifufuta. Chithunzi chinayamba chili mchenga wokhawokha, kenako n'kumayera pang'onopang'ono mpaka bedi linatulukira, pansi pake pali mbee.

Mayi aja anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ndiye mkazi mnzangayo mwamuthamangitsa ndi chala chimodzi?"

"Sanakanenso."

Koma mayiwo sananyamuke. Anakokera mpando pafupi n'kuloza ndi chala.

"Bedili latsika kwambiri, tsache lilowa bwanji? Likwezeni. Windoli lisunthireni uko, munthu asamadzuke dzuwa lili m'maso. Ikani kabati apa."

A Kalipentala ankangodina, chimwemwe chili tho mumtima. Kuyambira pamene anakwatirana, akazi awo anali asanakhalepo m'shedimo nthawi yaitali chonchi. Chithunzi chatsopano chitayera, bambowa anachita kuimba mluzu.

"Kasitomala akaona ichi adzavina."

"Kasitomala uti?" anafunsa mayiwo, maso ali pachithunzi. "Anthu onse a mumsewu uno amagona pa mabedi anu. Ine ndimagona pa bedi lochirikiza ndi njerwa. Kasitomala wanuyo mumujambulire lina."

A Kalipentala anachita manyazi, manyazi okoma. Anatenga tepi, n'kupanira pensulo kukhutu.

"Tiyeni mukandigwirire tepi," anatero, ndipo anatsogozana kukayeza chipinda chawo.