Tsamba Lobooka

"Agogo, bwanji masamba anu onse amakhala obooka?"

Adafunsa ndi mdzukulu chaka chatha, Atelala ali pampando kuseri kwa nyumba, pensulo ili m'manja, akujambula kachitsamba. Iwo adangoseka, n'kuyankha kuti mbozi nayonso iyenera kudya. Tsopano mkazi wawo adali chilili pamalo omwewo, funsolo likuwabwerera, maso ali padothi lopalidwa bwino.

Kachitsamba kaja padalibe. Tsiku la maliro a Atelala mwana wawo woyamba adalambula bwalo lonse kuti anthu apeze pokhala, ndipo khasu silisankha. Kadali kachitsamba wamba ka m'mbali mwa mpanda, koma Atelala adakhala akukajambula kuyambira pomwe miyendo idakana kupalasa makina osokera. Ankadikira kuti kachite maluwa.

"Amayi, pano tithire simenti ndisanabwerere kuntchito," adatero mwanayo. "Abambo apita. Mvula ikagwa, udzu azikulambulirani ndani?"

Ankanena mwachikondi, ndipo mmisiri adali atamuuza kale kuti abwere mawa. Mayiwo adati aganiza. Adasonkhanitsa mapepala a amuna awo n'kupita nawo kuseri kwa mpanda, kwa Aphunzitsi, mayi wachikulire amene adaphunzitsapo zojambula asanapume ntchito. Masana alionse Atelala ankawapatsira pepala pamwamba pa mpandawo kuti alione.

"Awa akhale kwanu, aneba. Inu ndinu amene munkawayang'ana."

Aphunzitsi adawayala patebulo, akale kumanzere. Masamba oyambirira adali osalala, ofanana mbali zonse. Adafotokoza kuti tsiku loyamba adawauza Atelala kuti tsamba si kolala ya malaya, asamalisite. Ajambule lomwe lili patsogolo pawo, asiye la m'mutu mwawo. Bamboyo adakwiya, masiku angapo osapereka ngakhale moni. Kenako pepala lidatulukira pampanda, lili ndi tsamba lopindika, lodyedwa ndi mbozi m'mphepete.

"Ine ndinkangoti zakongola," adatero mayi wamasiyeyo. "Ndili kutsuka mbale, osatembenuka n'komwe."

"Ankadziwa. Ankati kwa inu amakapumako, kuno amadzakwapulidwa."

Adaseka onse awiri, koma kusekako sikudapite patali. Aphunzitsi adakoka pepala lomaliza. Adati palimenelo adangodandaula kuti phesi lanenepa. Zoti masamba adawakhoza sadanene. Ankasungira tsiku la maluwa.

Mayi wamasiye adalinyamula, n'kuliyang'ana kwa nthawi yaitali. Adaona mitsempha ya tsamba lililonse, yolondola ngati msoko wa amuna awo. Adaona pomwe adafufuta mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Pamwamba pa phesi padali malo oyera, osakhudzidwa ndi pensulo, osiyidwira duwa lomwe munthuyo sadafune kulipeka asanalione. Pansi, phesilo lidapendekera kumanja n'kukalowa kunsi kwa mpanda.

"Kodi kachitsambaka sikadamere kwathu?" adafunsa mayi wamasiyeyo.

"Bwerani muone."

Aphunzitsi adawatsogolera panja, n'kukankha chidebe chakale ndi phazi. Muzu udali mbali ya Aphunzitsi. Pomwe khasu lidadula padali patatuluka timasamba tiwiri, tikusuzumira kale kubwalo kwa Atelala.

Kuseri kunkamveka mwana uja akuyeza bwalo ndi chingwe. Mayi ake adamuitana pamwamba pa mpanda, n'kumuuza kuti simenti athire, koma m'mbali mwa mpandamo asiyemo dothi. Iye adafunsa kuti n'lachiyani. Adamuyankha kuti n'la abambo ake. Chingwe chidasuntha.

"Ine ndizikathirira," adatero Aphunzitsi. "Kakachita maluwa ndikuitanani. Mudzabwere ndi pensulo yawo."

"Ine kujambula sindidziwa."

"Nawonso sankadziwa."

Mayi wamasiye adaligwirizira pepala lija pachifuwa mosamala kuti lisakwinyike.

"Ndidzabwera. Koma musadzandiuze kuti zakongola."

"Sindidzatero," adalonjeza Aphunzitsi. "Koma mukadzakhoza, ndidzakuuzani tsiku lomwelo."