Msewu Pamutu pa Wometa

Taganizirani kaye musanawerenge zambiri: khanda limene linakana kugona pamsana pa mayi ake, linakana nyimbo, linakananso kuyendetsedwa pakhonde, linadzagona ndi chiyani?

Khandalo linabadwira m'banja la wometa tsitsi, sabata yomwe sukulu zinatsekera tchuthi chachitali cha nyengo yotentha. Apanyumba ankangoti Mlendo. Mlendoyu anapeza anzake awiri: mtsikana wamkulu, amene onse ankamutcha Kapitawo chifukwa ankalamula ngakhale nkhuku za eni, ndi mlongo wake wamng'ono, Wailesi, amene pakamwa pake panalibe pozimitsira.

Mlendo sankagona. Ankatsinzina pang'ono, kenako n'kudzidzimuka ngati wakumbukira nkhani yofunika, n'kuyamba kulira. Mayi ake maso anafiira, ndipo tsiku lina anathira mchere m'tiyi wa mwamuna wawo. Wometa anamwa tiyiyo yense, koma mumtima mlandu anali ataugamula kale: vuto ndi phokoso.

Shopu yake inali chipinda chakutsogolo kwa nyumba, khoma limodzi ndi chipinda chogona. Choncho tsiku lomwe mayi ndi mwana anachokera kuchipatala, iye anaitseka, nakapempha kampando kwa mnzake wometa wa kudepoti, kuti azigwirako ntchito m'mawa mokha. Masana ankabwerera kudzalondera bata. Anathira mafuta m'zitseko zonse. Anachotsa belu la njinga. Analamula kuti aliyense aziyenda chonyang'ama, ndipo iye mwini ankayetsemulira m'chipewa. Nyumba inangoti zii ngati ofesi ya Lamulungu, koma Mlendo ndiye analirabe kuposa kale.

Mlandu unagwera ana awiri aja, popeza ndi okhawo amene ankamvekabe. Mlamu wa Wometa, mkulu wake wa mkazi wake, atabwera kudzaona Mlendo, anapeza Wailesi akufotokozera mphaka nkhani ya ndege pansi pa windo lenileni la kuchipinda.

“Alamu, ana awa akukanikani,” anatero. “Loweruka ndidzawatenga, akakhale kwathu mpaka sukulu zitatsegulidwa. Mng'ono wangayu apumeko.”

Kwawo kwa mlamuyo unali ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Wometa anayang'ana Wailesi, mwana amene sagona asanagwire khutu la bambo ake. Anayang'ananso Kapitawo, amene ananamizira kuti sanamve, koma tsiku lonselo sanalamulenso munthu kapena nkhuku. Wometa anapempha kuti amupatse mpaka Lachisanu: Mlendo akangogona masana amodzi okha, ana atsala. Mlamuyo anaseka n'kuvomera, monga momwe munthu amavomerera mwana amene akuti anyamula ndowa yodzaza.

Mkazi wake anangoti, “Ine ndikufuna tulo basi, abambo. Kumene tichokere sindikusankha.”

Wometa anayamba ndi mpikisano wokhala chete. Ana aja anawakhazika pamphasa kuseri kwa nyumba, nalonjeza kuti wopambana akwera njinga. Wailesi anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, masaya anatupa, maso anatong'oka, kenako anafuula ndi mphamvu zake zonse kuti iyeyo ndiye akupambana. M'chipinda Mlendo anayankha.

Tsiku lotsatira anawapatsa mapepala ndi makrayoni. Mapepala anatha msanga, koma khoma la pakhonde linali lalikulu ndiponso loyera. Kapitawo anajambulapo banja lonse, ndipo bambo ake anawapatsa tsitsi lalitali kuposa thupi. Apa mwanayo sananame kwenikweni. Wometa ankanyadira tsitsi lake. Ankalidula yekha ndi magalasi awiri, lakuda bii, losalala m'mbali, lokwera bwino pamwamba, ndipo ankakonda kunena kuti mutu wa wometa ndiwo chikwangwani cha shopu yake.

Anayesanso kupita nawo kudepoti kuti nyumba itsale yopanda mwana. Kumeneko Kapitawo anayamba kukonza mzere wa makasitomala potengera kutalika kwawo, ndipo Wailesi anafunsa bambo wina wolemekezeka, wa tayi, chifukwa chake mutu wake unali ngati papaya. Mnzake wa shopuyo anamukokera Wometa pambali n'kumuuza mwaulemu kuti kampando anabwereketsa kamodzi, osati titatu. Atabwerera kunyumba anapeza mkazi wake akuyendayenda ndi Mlendo paphewa. Nyumba inali itakhala chete m'mawa wonse, koma khandalo silinatseke diso. Wometa anaganiza kuti mwina phokoso la dzulo linali likadali m'makutu mwake.

Lachisanu linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Panja panali posakhalika. Ngakhale agalu anabisala pansi pa magalimoto. Pabalaza panali pafupi kwambiri ndi khomo la kuchipinda. Wometa anaima pakati pa nyumba, ana awiri atamugwira malaya uku ndi uku, nzeru zitamuthera. Ndiye anaona kuti firiji yasiya kulira. Magetsi anali atazima.

Apa m'pamene nzeru inamubwerera, ndipo iye anaiona ngati yakuya kwambiri. Anatsegula shopu ija mwakachetechete, nalowetsa ana. Munkanunkha sipiriti ndi paudala. Anawauza monong'ona kuti lero iwo ndiwo ometa, iye ndiye kasitomala, koma shopu iyi ndi ya anthu olemekezeka, salankhulamo mokweza. Anabisa lumo ndi malezala pamwamba pa kabati. Makina ometera anawasiya. Opanda magetsi, anaganiza motero, makina ndi chidole chabe. Kapitawo anaumirira kuti wometa weniweni amalumikiza nthambo kukhoma, ndipo bambo ake anamulola, akumwetulira ngati munthu wodziwa zimene mwana sadziwa.

Anakhala pampando wake womwe. Kapitawo anamufunditsa nsalu, naimanga pakhosi mothina kuposa muyeso, nakwera pa kabokosi kamene ana amakhalira pometedwa. Wailesi anapatsidwa chipeso ndi burashi.

“Timete bwanji lero, bwana?” anafunsa Kapitawo ndi mawu a bambo ake enieni.

“Mwachizolowezi, amisiri.”

“Musagwedeze mutu. Mukagwedeza, zanu zimenezo.”

Makina ozizira anayamba kuyenda pamutu pake, kuchokera pachipumi kupita kunkhongo, mwakachetechete. Burashi inkamusisita m'khosi. Wailesi ankanong'oneza nkhani ya mpira, yopanda mutu ndi mchira, monga amachitira makasitomala. Kuseri kwa khoma Mlendo ankalirabe, koma kulira kwa munthu wotopa. Wometa anali asanagone bwino kuyambira tsiku limene khandalo linabwera. Anati angotseka maso pang'ono kuti masewerawo akome.

M'tulomo analota ali pantchito, makina akulira bwinobwino m'dzanja lake, shopu itadzaza. Anali maloto okoma, ndipo anakhalitsa.

Chimene chinamudzutsa ndi kamphepo. Kankamuwomba pamalo pamene mphepo inali isanafikepo chibadwire. Anatsegula maso. Babu la padenga linali likuyaka. Pansalu panali tsitsi lakuda, lambiri, lodziwika. M'galasi anaona munthu wofanana naye, koma pakati pa mutu wake panadutsa msewu waukulu, woyera, wokhala ndi mphambano pafupi ndi khutu lamanzere. Kumbuyo kwake Kapitawo, lilime lili panja, anali kalikiliki kutsegula msewu wachiwiri.

“Magetsi anabwera, ababa,” anatero Wailesi monong'ona, monyadira kuti lamulo la shopu walisunga. “Sitinakudzutseni. Amayi amati munthu akagona asadzutsidwe.”

Wometa analanda makinawo n'kuwazimitsa. Tsitsi linamuwawa, koma chimene chinamulasa mtima ndi china: makina akhala akulira kwa nthawi yosadziwika, khoma limodzi ndi khanda, pa tsiku lomaliza lenilenilo. Ndipo asanapume n'komwe, kuchipinda kunamveka Mlendo akuyamba, pang'onopang'ono, kenako ndi mawu onse. Wometa anayang'ana ana ake awiri, naona kale tizikwama tawo tili pabasi.

Chitseko chinatseguka. Mkazi wake anaima pakhomo, duku litapendekeka, tsaya lina lili ndi mizere ya pilo. Wometa anayamba kupepesa, kufotokoza za dzuwa, za firiji, za magetsi obwera osagogoda.

“Wazimitsa ndani?” anafunsa mkaziyo.

“Ndine, mayi. Pepani, sindinadziwe kuti...”

“Yatsani.”

Wometa anaganiza kuti sanamve bwino. Mkazi wake analoza makinawo ndi chibwano. Iye anawayatsa, nawagwira m'mwamba ngati munthu wonyamula kandulo. Onse anayi anatchera khutu. Kulira kwa kuchipinda kunayamba kufupika, kunasanduka kudandaula, kenako kung'ung'udza, kenako kunatha.

Apa m'pamene mkaziyo anayang'anitsitsa mutu wa mwamuna wake. Milomo yake inanjenjemera. Anaiphimba ndi nsonga ya duku, mapewa akugwedezeka.

“Kapitawo, maliza ntchito yako, mwanangu. Kasitomala sachoka ndi mutu watheka.” Anatembenuka kuti azipita, kenako anacheuka. “Inu abambo, akamaliza muwaimbire akulu anga, asavutike ndi basi mawa. Ndipo Lolemba mutsegule shopu. Amisiri muli nawo kale awiri. Koma ameneyo,” analoza Kapitawo, “ayambe ndi tsache.”

Wometa anabweza makina m'manja mwa mwana wake, nakhalanso pampando, naweramitsa mutu monga anauzidwira. Tsitsi lotsala linkagwera pansalu, Wailesi akulisesa ndi burashi n'kumutonthoza kuti limeranso.

Mayi a Mlendo, miyezi yonse ali oyembekezera, ankaswera pa benchi ya m'shopumo, miyendo itasanjikidwa pandowa, akumvetsera mabodza a makasitomala. Mlendo anagona ndi kulira kwa makina ometera.