Madzi a Bambo pa Bedi la Pakona

"Auzeni bambo anuwo akhale chete, anthu akutiyang'ana," ananong'ona mwamuna wa telala, maso ali kukhomo la wodi.

Telalayo anangopitiriza kuwapukuta thukuta bambo ake. Chidwalireni sitiroko, bambowo anaiwaliratu chilankhulo cha dziko lino, chomwe anaphunzitsa ana asukulu moyo wawo wonse. M'mutu mwawo munangotsala cha amayi awo, cha kutsidya kwa malire. Matenda nawonso osaona nyengo! Anabwera mwezi womwe akutsidyawo anadula magetsi, n'kuyamba kumwaza mauthenga m'mafoni oti aliyense wolankhula chinenero chawo ndi munthu wawo, adzabwera kudzamuteteza. Akuno anayankha kuti munthu wotero ndi kazitape. Mfuti sinalire ngakhale imodzi, koma kumsika anthu anasiya kupatsana moni.

M'wodimo munali kotentha, mafani ali zii. Bambo aja anaitananso, milomo itauma gwaa.

"Akuti chiyani?" anafunsa mayi wodwazika matenda pabedi loyandikana, foni ili m'manja. "Kodi ndi a uko eti?"

"Ayi mayi, akungobwebweta, ndi matendawa," mwamuna uja anayankha msangamsanga.

Kubwebweta! Telala zinamuwawa mpaka m'mafupa. Bambo ake amapempha madzi momveka bwino, akumuitana dzina lake la paubwana. Koma namwino anali atachenjeza kuti asamamwetsedwe osauzidwa kaye kuti ameze pang'onopang'ono, apo ayi atsamwa. Nanga akanawauza m'chilankhulo chiti?

"Ingowapatsani osalankhula," anatero mwamunayo. "Mwaiwala zomwe anthu anamuchita wometa wa kumsika uja atamumva akulankhula chinenero chomwechi? Mukufuna akatenthe makina anu osokera?"

"Ndiye atsamwe kuti makina apulumuke?"

"Sindinatero ine."

"Mwatero. Pomwe ankakulipirirani sukulu yoyendetsa galimoto sankabwebweta ayi."

Mwamunayo anayang'ananso kukhomo. Telala anadzutsa mutu wa bambo ake, n'kuika kapu pamlomo. Kunong'ona sikukanathandiza, makutu awo anali atagontha kale. Analankhula mokweza m'chilankhulo cha agogo ake, mawu aliwonse paokhapaokha, mpaka wodi yonse inangoti duu.

Mayi uja anakweza foni n'kuyamba kujambula. Mwamuna wa telala anatola jekete lake, ulendo panja osacheuka.

Bambo aja anameza. Anamezanso, osatsamwa, ndipo mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira.

Telala anadzutsa mutu. Anayang'ana foni ija, anayang'ana mwini wake, kenako anadzazanso kapu.