Ng'ombe Yogwa Yokha

Nkhaniyi anandiuza ndi Jurmi, womata matayala wa ku Mongar, tikumwa tiyi tsiku lomwe basi yathu inaphulika tayala pakhomo pake penipeni. Ine miyendo yanga sikhazikika, msewu wa ku Thrumshingla ndaudutsa kambirimbiri, koma chimvereni zimenezi sindisuzumiranso pawindo tikafika pamathithi a Namling.

Akuti bambo wina wa ku Bumthang, Gyeltshen, anadwala mpaka kumangomwa madzi okha. Alama, mkulu wa chipembedzo kumeneko, atamuona anati moyo uomboledwe ndi moyo: agule nyama yodikira mpeni, aimasule kuti ikafe yokha ndi ukalamba. Mwana wake wamkazi, Lhaden, anatsikira kumalire, nakagula ng'ombe yokalamba kwa opha nyama. Anaimanga kansalu kofiira kukhutu n'kuikweza m'lole ya dalaivala wina, Nidup, kuti ikasiyidwe kubusa la amonke kuseri kwa phiri. Malume ake, Tobgay, anadziitanira okha paulendowo, ati mtsikana sangayende yekha ndi dalaivala.

Njira yonse a Tobgay anali kuwerenga mikanda ya mapemphero, kwinaku akutafuna doma, mtedza wofiiritsa m'kamwa, malovu ofiira akuyenderera pachitseko cha lole. Kunja nkhungu inali kukwawa m'mikungudza, maluwa ali psuu m'mapiri monse, koma iwo khosi linali lopindikira kumbuyo kumene kunali ng'ombe.

"Komatu ili ndi thupi," anatero.

"Malume, si ya ndiwo imeneyo."

"Ndatchula ndiwo ine? Kuyamikira chabe. Nidup, wawaona ana a masiku ano? Sukulu inawathera m'kamwa."

"Ine ndimaona msewu basi, achimwene," anayankha Nidup akuseka.

Pa Namling msewu anachita kuusema m'thanthwe, mbali inayi phompho. A Tobgay anati ng'ombe ili ndi ludzu, aitsitse. Ataitsitsa anapatsa Lhaden tinsalu ta mapemphero. "Pita ukamangirire bambo ako pathanthwe lapamwambapo, mphepo ndi yabwino."

Pobwerera, Lhaden anaona malume ake akuwaza mchere pamwala wonyowa wa m'mphepete, pang'onopang'ono, akusunthira kuphompho. Ng'ombe inali kutsatira ikunyambita. Asanatsegule n'komwe pakamwa, chiboda chinaterereka. Inakatsakamira pathanthwe lina m'munsi, ndipo inalira kwa kanthawi.

"Mwaona nonse, sindinaikhudze," anatero a Tobgay, manja atawagwirizanitsa pamphumi. "Yagwa yokha. Nthawi yake inakwana."

"Mwapha bambo anga."

"Iwe, samala pakamwa. Ine chibadwire sindinaphepo ngakhale nsabwe. Koma nyama yofa yokha tiisiyire akhwangwala? Kutaya chakudya ndiye tchimo."

Mpeni anali nawo kale m'chovala chawo pachifuwa, wonolanola. Zingwe ndi masaka zinatuluka pansi pa mpando wa Nidup. Anadikira kuti isiye kupuma, poti kuifulumizitsa kukanakhala kupha, kenako anatsetsereka akung'ung'udza mapemphero.

Nyamayo anaidula mizeremizere n'kuiyanika pazitsulo za lole, pamodzi ndi tinsalu ta mapemphero ta Nidup. Magazi anali kudonthera m'matayala, ntchentche zikuwaperekeza. Khutu la kansalu kofiira lija anaponyera galu wa anthu okonza msewu. Lhaden anasanza mpaka ndulu, Nidup n'kumuuza kuti ndi makhota a msewuwa, amatero ndi aliyense.

Atafika kunyumba, wodwala uja anadzutsa mutu. "Yafika bwino?"

"Ikudya msipu pano tikunena pano, alamu," anayankha a Tobgay. "Amonke akondwa nayo."

Gyeltshen anayang'ana mwana wake kuti amve kwa iye. Lhaden anaona kuti bambo ake atsala ndi ng'ombe yokhayo yodalira. Akanena zoona, awamaliza yekha. Anagwedeza mutu kuvomera.

Madzulo ake mphika wa nyama ndi tsabola unawira. A Tobgay anati nyamayo agula panjira, nakhala pamphasa kumwetsa mlamu wawo msuzi ndi supuni, akumupukuta mafuta pachibwano ndi chala chofiira ndi doma. Lhaden ndiye anagwirizira mutu wa bambo ake kuti asatsamwe.

Jurmi akuti mkuluyo anadzuka, alipo mpaka lero, ndipo chaka ndi chaka amatumiza batala kwa amonke kuthokoza kuti akumusungira ng'ombe yake.

Za mchere ndikukhulupirira, anthu ngati a Tobgay ndakhala nawo pampando umodzi m'mabasi ambiri. Koma zoti wodwalayo anachira, ayi, sindikhulupirira. Ndiyesa Jurmi anangowonjezera ataona kuti ndakankhira tiyi wanga kumbali.