Eyiti Yosatha ya a Merle

"...ayi Bev, ija sitiwerengera, nyambo inakola mu mtengo."

"Munadina. Ndinamva ndi makutu angawa, kanalira kuti tche."

"Chala chinaterereka."

"Chala chanucho chimaterereka zinthu zikathina basi. Tabweretsani ndione."

A Merle Kowalke anasolola kachipangizo kowerengera kamene kamalendewera m'khosi mwawo, kodina ndi chala kaja, ndipo akazi awo a Bev anakweza magalasi n'kukayang'anitsitsa. 9,997. Kkkk mdala nkhope yonse inachita kufota ngati soseji yoiwalidwa pamoto.

Nkhani yake ndi iyi. Kwathu kuno ku Wisconsin ndi mwana yemwe amadziwa kuti masiki ndi nsomba yoti uponye mbedza ka teni sauzande ndiye uigwire kamodzi. Anthu amangonena poseka. Koma a Merle zaka khumi ndi chimodzi akuisaka osaigwira olo imodzi, ndipo zaka zonsezo boti lawo likugona m'galaja pamodzi ndi lole yawo pamene galimoto ya a Bev ikugona panja, m'mawa uliwonse wa chisanu mayi akupala ayezi pagalasi uku akutukwana chamumtima. Ndiye mu Meyi a Bev anatopa nazo. Analemberana pa kapepala kopukutira pakamwa, n'kukamata pa filiji: kuponya teni sauzande, ngati masiki sinalowe m'boti, boti ligulitsidwe, ndipo Loweruka lililonse a Merle azikavina polika ndi akazi awo. A Merle anasaina akuseka eti. Mu Meyi teni sauzande imaoneka kutali!

Pano ndi kumapeto kwa Okutobala, mphepo yoluma makutu, mitambo bii, panyanja pali iwo okha. Nyengo yake yeniyeni ya masiki imeneyo, a Merle anali atanena kale kasanu. A Bev anabwera kudzakhala mboni, atavala majekete awiri, fulasiki ya khofi pamiyendo.

9,998. Anaponya m'mphepete mwa udzu wa m'madzi, pamene zilombozi zimabisala. Nyambo yake chimtengo chachitali ngati nsapato, cha ubweya kumchira. Inabwerako ndi udzu.

9,999. Udzu womwewo, koma wochulukirapo.

"Saladi tapeza," anatero a Bev.

A Merle anavula chipewa. Anasisita boti m'mbali ngati akutsanzika wodwala, anayang'ana kawaya kachitsulo ka kumapeto kwa chingwe koteteza kuti mano a nsomba asadule, ngakhale palibe dzino lomwe linayamba lafikapo. Tche. 10,000. Anaponya.

Nyambo inauluka bwino, chilungamo chake. Inagwa kuti phava. Anayamba kukulunga chingwe pang'onopang'ono, maso ali kumbuyo kwa nyambo kuyembekeza chithunzithunzi chachitali cha masiki. Nyambo inafika pakati. Inafika pafupi. Inafika pa boti penipeni.

Palibe. Madzi okhaokha.

A Bev anatulutsa foni n'kuyamba kujambula mipando ya boti. "Tasunthani mwendo, ogula asaone nsapato zimenezo."

Tsono masiki ili ndi khalidwe loipa. Imatsatira nyambo mpaka pa boti, kumangoiyang'ana ngati munthu wongofunsa mitengo pamsika, ukatulutsa nyambo iyo n'kutembenuka ulendo. Ndiye lamulo la aliyense wosaka masiki ndi loti usanatulutse nyambo, umiza nsonga ya ndodo m'madzi n'kujambula nambala eyiti yaikulu pambali pa boti, mwina chilombo chili pansi chingapse mtima n'kulumpha. Waulesi amajambula imodzi. Wakhama ziwiri, zitatu.

A Merle anawerama, anamiza ndodo, anajambula eyiti. Yachiwiri. Yachitatu. Yachisanu ndi chiwiri. Ali pa ya khumi ndi chiwiri m'pamene nzeru inawagwera m'mutu kuti gwa.

"Merle, tiyeni. Zatha."

"Sizinathe."

"Teni sauzande yakwana."

"Yakwana koma sinathe. Kuponya kumatha nyambo ikatuluka m'madzi. Yatuluka?"

A Bev anasuzumira. Nyambo inali m'madzi, ikuzungulira mosangalala.

"Merle Kowalke. Musandiyese."

"Si ine ndinapanga lamulo, mayi. Funsani aliyense."

Kkkkk abale. Mphindi khumi zinadutsa mdala ali chiweramire, thako kumwamba, manja akupalasa ngati akutakasa chimphika cha supu ya kutchalitchi. Mphindi makumi awiri. Msana unayamba kulankhula. Mphuno inayamba kudontha, dzanja lopukutira palibe, onse awiri ali pa ndodo. Koma akangoganiza za nsapato zonyezimira za polika zimene a Bev anagula kale n'kuzibisa pamwamba pa kabati, mphamvu zimabwerera.

Kenako kunamveka injini. Anali a Duane, mnzawo wa a Merle kuyambira ku pulayimale, amene anagwirapo masiki zisanu ndi zinayi ndipo salola munthu kuiwala. Anayimitsa boti lawo chapatali pang'ono, n'kuonerera kaye.

"Iwe Merle, wataya mano ako m'madzimo?"

"Choka apa Duane, ukuthamangitsa nsomba."

"Nsomba zake ziti? Zikanakhalapo bwenzi zitachita kale chizungulire."

A Bev anafotokoza mlandu wonse. A Duane anakanda ndevu, anayang'ana nyambo, anayang'ana mnzawo amene maso anali akupempha ngati galu wa pakhomo pa butchala.

"Bev, pepa mlongo wanga, koma chitsiruchi chikunena zoona. Nyambo ikadali m'madzi, kuponya kukadalipo."

"Mpaka liti?"

"Mpaka nyanja iume ayezi. Kwatsala masabata atatu." Analiza injini akuseka mpaka kutsokomola. "Ndikukauza anthu ku bala! Merle, ukagwira kanthu unditumizire chithunzi, olo chikhale chimfine!"

Atapita, a Bev anakhala phee. A Merle anaopa, chifukwa mayiwa akakhala phee ndiye kuti akuganiza. Anangomva fulasiki ikutsegulidwa. Kenako khofi akuthiridwa m'kapu, kuchokera m'mwamba, pang'onopang'ono. Tchororororo.

A Merle anali atamwa makapu atatu m'mawa.

"Bev, zimenezo ndi nkhanza."

"Ndikungomwa khofi wanga ine." Anabwezera khofi m'fulasiki n'kuthiranso. Tchorororororo.

Mdala anapanikiza mawondo pamodzi, eyiti ikupitirira. Anayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi kuti asamve. Pa mphindi makumi anayi m'mimba munalira, ndipo a Bev, poti mtima wawo si mwala, anamatula buledi wa soseji ndi tchizi n'kumawaika m'kamwa chidutswa chidutswa ngati mwana wa mbalame. Mpiru unatsalira pa ndevu. Palibe anaupukuta.

Koma chimene chinawapweteka a Bev si kuzizira ayi. Ndi eyitiyo. Zaka khumi ndi chimodzi akumva ulaliki wa eyiti patebulo, m'galimoto, ngakhale ku maliro a azakhali awo, ndiye lero aone zimenezi?

"Imeneyo si eyiti. Ndi mbatata."

"Manja atopa, mayi."

"Si inu mumati pokhota pazikhala potakasuka, chinsomba chachitali sichingakhote pang'ono? Si inu mumati usachepetse liwiro, nyambo ikafooka nsomba imadziwa kuti ndi bodza? Tamizani ndodoyo! Mukuchita ngati mukusuka sipuni!"

"Inu muli mbali iti kodi?"

"Mbali ya galaja. Koma zonyozeka sindifuna."

A Merle anamiza ndodo mpaka theka, anakuza eyiti, anathamangitsa. Ndipo pokhota pachitatu, GWI! Ndodo inagwedezeka.

"BEV! BEV! YALUMA!"

Anasuzumira onse awiri, mitu kugundana. Pa nyambo panali kansomba kobiriwira ka timadontho toyera, koonda ngati mpini wa hamala. Kapaiki. Kanali kotalika pang'ono chabe kuposa nyambo imene kanalumayo, koma kolusa ngati kali ndi mlandu ndi dziko lonse.

A Bev anaseka mpaka kukhala pansi m'boti. "Ndi imeneyo? Ya zaka khumi ndi chimodzi? Tulutsani tikajambule, ndibweretse ukonde kapena sefa ya tiyi?"

A Merle misozi inalengeza. Paiki si masiki, ndi mwana yemwe amadziwa. Akakatulutsa, nyambo yatuluka, boti lapita. Ndiye anachita chinthu chimene palibe munthu wanzeru anachitapo panyanja imeneyi. Anapitiriza kujambula eyiti, kapaiki kali konko, kakuzungulira nawo kali phiriphiri.

"Merle, kamasuleni kanthu ka Mulungu."

"Kamodzi kokha. Kawiri."

Ndiye pansi pa boti panatuluka chinthu.

Poyamba a Merle anayesa chigogo. Koma chigogo sichikhala ndi maso. Chinakwera mwakachetechete, chotuwa, cha mizere yakuda m'nthiti, mutu ngati fosholo, chinayang'ana kapaiki kaja kamodzi kokha n'kukaluma cham'mbali kuti KHAPA, ngati galu wanyamula fupa. Madzi anathovokera m'mwamba, a Merle ananyowa mpaka m'makutu, ndipo kunena zoona nkhani ya makapu atatu a khofi ija inathera pomwepo, koma poti anali atanyowa kale palibe amene angapereke umboni kkkkk.

"UKONDE! UKONDE!"

A Merle sanafunike kubwereza. A Bev, mayi amene anabwera kudzagulitsa boti, anali atataya kale kapu, atanyamula chiukonde cha mpini chija chimene chinali chisanalawepo nsomba chigulireni.

"Kokera kuno iwe! Mutu kaye! Usakweze, chisiya! KOKA MERLE!"

Za "inu" zinathera m'madzi. A Merle anakoka, chilombo chikukana kusiya chakudya chake, ndipo chitangofika pambali pa boti chinazindikira kuti pali anthu, chinatsegula kukamwa, kapaiki n'kugwa. Chinayamba kutembenuka. A Bev anagwada, anamiza ukonde mpaka m'mapewa, majekete onse awiri m'madzi, n'kuchikokolola chonse.

Chilombo chinali m'ukonde. Kenako onse awiri anakuwa ngati ana a sukulu.

Zotsatira anazichita mwachangu, poti masiki sitidya, timabweza. Ananyowetsa manja, a Bev anachigwira kunsi kwa chibwano mosamala zala zisalowe kumano, dzanja lina pamimba, n'kuchigoneka pa thabwa loyezera m'boti. Mainchesi 49! Foni, chithunzi, a Bev tsitsi lili nyankhalala, kukamwa kuli yasa. Kenako anachibwezera m'madzi atachigwira kumchira mpaka chinadzimenya chokha n'kumira. Kapaiki nakonso a Merle anakachotsa ndi pulayala, kali ndi zipsera za mano koma kamoyo, ndipo kanayesa kuwaluma chala potsanzika.

Nyambo inali itatuluka m'madzi tsopano. A Merle anaiyang'ana.

"Pepala lija likuti ngati masiki sinalowe m'boti," anatero motsitsa mawu. "Yalowa."

A Bev anali akuyang'anabe pamadzi pamene chilombo chinamira.

"Munaona mmene chinandiyang'anira?"

"Ndinaona. Ndiye boti..."

"Boti likhala," anatero a Bev. A Merle anatsala pang'ono kugwada. "Koma tandiuzani, mbedza yanu inalowa m'kamwa mwa masiki ija?"

"Eee... kwenikweni inali m'kamwa mwa kapaiki, kapaiki n'kukhala m'kamwa mwa..."

"Ndiye inu mwagwira paiki. Masiki ndagwira ine."

A Merle anafufuza lamulo m'mutu monse, silinapezeke.

A Bev anatambasula dzanja, anawavula kachipangizo kaja m'khosi, anakabweza pa ziro n'kukavala okha. "M'galaja mulowa boti ndi galimoto yanga, lole yanu igona panja. Polika tizikavina Lachisanu, poti Loweruka tizikhala kuno. Tasunthani, mwandikhalira kutsogolo. Ndodoyo bweretsani."

Mdala anasamukira kumpando wakumbuyo, thalauza likudontha, manja osatha kuwongoka. Koma boti linali lawo ndithu, kapena la banja, kapena la a Bev, zimenezo adzaziona bwino m'tsogolo. Anatenga foni ndi zala zouma, anatumiza chithunzi chija kwa a Duane, n'kulemba pansi pake kuti: "Mainchesi 49. Boti silikugulitsidwa. Tagwira."

Kutsogolo kunamveka tche, kenako phava. Foni inanjenjemera. A Duane anali atayankha:

"TAGWIRA ndani iwe? Pachithunzipa ndikuona Bev ndi nsomba yake, iwe chikuoneka ndi chala chako chokha pakona. Umufunse ngati Loweruka ali ndi malo m'boti mwake, ndibweretsa masoseji. Iwe uzitigwirira ukonde."