Mitala ya Pa Tebulo

Mwana wa achimwene anga, amene timamutcha Kamagalasi, amagwirira ntchito m'nyumba. Pa tebulo pake pali kompyuta imodzi ndi masikirini awiri. Nditangoona ndinati iyi ndi mitala. Sikirini yaikulu inkalandira zonse: manambala, makalata, nkhope ya abwana ake. Yaing'ono ankangoiponyera mpira.

Ine tsankho sindigwirizana nalo. M'mawa uliwonse posesa, iye ali kosamba, ndinkasinthanitsa mawaya kuseri kuti iliyonse ilaweko ukulu.

Akayatsa kompyuta, zonse zili chadodolido. Kamuvi akakakankhira kumanja kankatulukira kumanzere ngati mlendo wasochera kuchimbudzi. Tsiku lina pa msonkhano, m'malo mwa manambala, abwana anaonetsedwa zigoli.

"Zikachitikanso, ntchito yatha," anatero abwanawo mkati mwa sikirini.

Ndinafuna kuulula, koma pakamwa panali mtedza.

Kamagalasi anaitana wokonza makompyuta, bambo wa kachikwama. Anadinadina, nati, "Tsopano siiwalanso." Kutacha, tsache linandiyabwa m'manja. Inaiwala.

"Azakhali, simugwirako kuseri uku?"

"Ine? Ngakhale wailesi ndimaipatsa moni ndili patali."

Mwanayo anaonda. Anagula kope n'kumalemba tsiku ndi tsiku mmene kompyuta yadzukira. Patatha milungu iwiri anabwera kukhitchini akumwetulira.

"Azakhali, ndaigwira. Siiwala mwachisawawa, imachita kasinthasintha. Lero uku, mawa uko."

"Sukulu ndi yabwino, bambo anga," ndinatero.

Anamata ndandanda pakhoma. Tsopano asanayatse amayang'ana tsiku, n'kunyamula masikiriniwo kuwasinthanitsa malo, thukuta kamukamu. Akayatsa, zonse zili m'malo mwake. Abwana anamuyamikira, mpaka akuti akaphunzitse anzake.

Tsoka linagwera ine. Ndikangodumphitsa tsiku limodzi, ndandanda yafa, abwana aonanso mpira. Ndiye chimfine, msana, Lamulungu, ndimakwawira ndithu pansi pa tebulo. Ukwati wa mdzukulu wanga ndinaukana. Ndinati mwendo watupa.

Dzulo Kamagalasi anandipeza ndatulutsa miyendo yokha kunja kwa tebulo.

"Mukufuna chiyani uko, azakhali?"

"Ndikupempherera ntchito yako."

"Pitirizani," anatero, n'kundiikira pilo pa maondo.